Tchana, Bajiya ndi Phazi Langa Lamanzere

Chinayamba ndi ludzu. Munali mu Okutobala, dzuwa la ku Balaka likuwotcha monga limachitira chaka ndi chaka, choncho sindinadabwe nazo. Koma ludzu limeneli silinali lomva madzi. Ndinkamwa chikho chodzaza kunyumba, pofika pa siteshoni kukhosi kwauma kale. Kutaya madzi nako kunandichulukira. Munthu wogulitsa m'mawindo a sitima amakhala ndi mphindi zochepa sitimayo isanalize, ndipo ine mphindi zimenezo ndinayamba kumazithera kuseri kwa nyumba yosungira katundu, basiketi nditasiyira anzanga.

Dzina langa ndine Saidi. Kwathu ndi ku Ulongwe, koma ndakulira ndi kumerera imvi ku Balaka. Ntchito yanga inali yogula nandolo, khobwe ndi tchana kwa alimi akumudzi n'kudzagulitsa kuno. Tchana wina ndinkagulitsa pa mbale mumsika, wina ndinkapita naye kuchigayo, ndipo ufa wake mkazi wanga Abiti Juma ankakazingira bajiya, timandasi ta tsabola ndi anyezi timene apaulendo amatikonda. Pa kunenerera ndinalibe mnzanga. Chinthu chokha chimene ndinagulapo osanenerera ndi khadi la chipani, pakuti anyamata a malaya ofiira oima pa chipata cha msika sankaseka ndi munthu.

Mu Novembala thupi linayamba kutha. Ndinkadya kwambiri kuposa kale, koma lamba ndinamuboola kawiri ndi msomali. Tsiku lina m'mawa Abiti Juma anandiitanira kuseri kwa bafa n'kundilozera pansi.

"Bambo a Asiyatu, taonani nyererezi. Pamene mwataya madzi inu pokha ndi pamene zadzaza. Kodi mukukodza uchi?"

Ndinaseka, ndipo ndinawauza kuti nyerere za ku Balaka zimadziwa munthu wabwino. Kuchipatala sindinapite. M'malo mwake ndinagula mizu kwa mkulu wina wa zitsamba mumsika, ndipo ndinabwerako ndikudzitama kuti ndamutsitsa mtengo mpaka anatsala pang'ono kulira. Mizuyo ndinamwa masabata atatu. Inali yowawa zedi, ndiye ndinkatsukira mkamwa ndi tiyi wa masipuni anayi a shuga. Ludzu likakula pa siteshoni ndinkaliziziritsa ndi zakumwa zotsekemera za m'botolo. Mwa njira imeneyi ndinkathira parafini pamoto ndikuganiza kuti ndikuzimitsa.

Chimene chinandipititsa kuchipatala si ululu ayi, koma manyazi. Kumapeto kwa Disembala ndinapita ku Ulongwe, ndipo mayi wina anandigulitsa thumba la tchana wofumbwa. Ndinalowetsa dzanja, ndinayang'ana njere pachikhatho monga ndimachitira, koma timabowo ta anankafumbwe sindinatione. M'maso munali ngati mwalowa utsi. Nditafika kunyumba Abiti Juma anangotsegula thumbalo n'kukhala pansi ndi phwete. Ine, Saidi, amene alimi amabisa katundu woipa akangomva belu la njinga yanga, kupusitsidwa ndi mayi wa mwana kumsana! Pamenepo ndinavomera kuti china chake chalakwika m'thupi.

Sabata yoyamba ya Januwale ndinalawirira ku chipatala china cha mishoni. Ndinafika dzuwa lisanatuluke bwino, koma mabenchi anali atadzaza kale. Tinkasendera pang'onopang'ono, wina akalowa tonse n'kusuntha matako malo amodzi. Analemba dzina langa pa khadi, anandikweza pa sikelo, kenako anandipatsa kabotolo kuti ndikatayiremo madzi. Imeneyo ndiyo ntchito yokhayo imene sindinachedwe nayo.

M'chipinda choyezera, bambo wina wovala chovala choyera anathira mankhwala abuluu m'kagalasi kakatali, anadonthezeramo mkodzo wanga, n'kukagwirizira pa kamoto. Anandiuza kuti mwa munthu wabwinobwino madziwo amakhalabe abuluu. Shuga akakhalamo pang'ono amasanduka obiriwira, akachuluka achikasu, akanyanya ofiira. Anga anadutsa mitundu yonseyo mothamanga ngati sitima ya katundu, n'kukaima pa kufiira kwa njerwa yowotcha. Ndinayesa kunena kuti ine ndikuona ngati chikasu chakupsa. Bamboyo anangolemba.

Adokotala anali munthu wofatsa, wa magalasi. Anandiuza kuti ndili ndi matenda a shuga, kuti satha koma munthu amatha kukhala nawo zaka zambiri akamadzisamala. Anandipatsa mapiritsi omwa m'mawa uliwonse, n'kulemba pa khadi tsiku lobwereranso patatha mwezi umodzi.

"Shuga musiye, zakumwa za m'botolo musiye, mandasi ndi mabanzi musiye," anatero. "Nsima ikhale ya mgaiwa, ndipo ichepe. Muzidya masamba ambiri, nyemba, nandolo, tchana. Ndipo mapazi anu muziwayang'ana tsiku lililonse. Matendawa amapha mitsempha ya kumapazi, munthu amavulala osamva."

Pa zonse zimene ananenazo, ine khutu langa linatola liwu limodzi: tchana. Za mapazi ndinazisiya pa benchi pomwepo. Ndinatuluka ndikumwetulira ngati munthu amene wapatsidwa basela. Ena akuuzidwa kuti akagule chakudya chachilendo, ine mankhwala anga ali m'nyumba mwanga, matumba awiri!

Shuga wa mu tiyi ndinasiyadi, zakumwa za m'botolo ndinasiyanso, ndipo ndinkadzitama nazo kwa aliyense. Koma pamalo pa zimenezo ndinaikapo bajiya. Maganizo anga anali owongoka: adokotala anati tchana, bajiya ndi tchana, nkhani yatha. M'mawa ndinkadya zisanu zotentha zongochoka m'chiwaya. Masana sitima ikapita ndinkadya zosweka zimene sizikanagulika. Madzulo zotsala zonse zinali zanga, pakuti wamalonda weniweni satayira agalu katundu wake. Kale ndinkadya zotsalazo mobisa, Abiti Juma akundikalipira kuti ndikudya phindu. Tsopano ndinkadya poyera, ndikunena kuti ndikumwa mankhwala.

Pali chinthu china chimene ndinachidziwa bwino koma ndinasankha kuchiiwala. Ufa wa bajiya zanga sunali wa tchana yekha. Tchana ndi wokwera mtengo, ndiye zaka zambiri m'mbuyomo ndinatulukira nzeru yosakaniza ndi ufa wa makaka, chinangwa chouma chija. Mbale imodzi ya tchana, mbale ziwiri za makaka ogaya, ndi kashuga pang'ono kuti zifiire msanga pamoto. Wapaulendo akazindikira, sitima imakhala itafika kale ku Salima. Sindinaganizepo kuti tsiku lina wogula wamkulu wa ufa umenewu adzakhala ine ndemwe.

Mu Febuluwale ndinapezako bwino chifukwa cha mapiritsi aja, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala litakwana ndinaona kuti lagundana ndi tsiku la msika. Ndinasankha msika. Mapiritsi atatha sindinakatengenso ena. Pofika mu Malichi ludzu linabwerera, ndipo kumapazi kunayamba kuchita dzanzi ngati ndavala masokosi awiri.

Pakati pa Epulo, Lachiwiri lina, ndinathamangira sitima imene inali itayamba kale kuyenda, munthu wina atatenga bajiya pawindo. Nsapato yanga ya tayala inavuka, ndinaponda miyala ya m'mbali mwa njanji, ndinavalanso n'kupitiriza ntchito. Sindinamve kalikonse. Madzulo posamba ndi pamene ndinaona magazi ouma pansi pa kachala kakang'ono ka phazi lamanzere. Kabala kake kanali kochepa ngati njere ya khobwe. Ndinathirapo madzi amchere n'kumanga kansanza.

Masiku khumi ndinayendabe nalo. Balalo silinapole, linangokula, ndipo kachalako kanayamba kuda. Tsiku la khumi ndi chimodzi phazi linatupa mpaka nsapato inakana, thupi linatentha, ndipo fungo linayamba kumveka m'nyumba. Abiti Juma sanandifunse maganizo. Anabwereka njinga, anapempha mnansi wathu kuti andinyamule, ndipo tinapita ku mishoni kuja. Adokotala a magalasi anamasula nsanza, anayang'ana khadi langa pamene panali tsiku limene ndinajomba, koma sanandidzudzule. Anangolemba kalata yonditumiza ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo.

Ku chipatala chachikulu anandigoneka m'wodi ya amuna, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Masiku a kumeneko amafanana onse. M'mamawa amabwera ndi kagalasi koyezera kutentha kwa thupi, kenako kabotolo ka mkodzo, kenako jakisoni wa insulini chakudya chisanabwere. Majakisoni ake anali agalasi, owiritsa m'kambale kachitsulo. Cha m'ma naini ankatsuka bala. Akatha adokotala kuzungulira, tsiku lonse lotsala linali lodikira: kudikira mankhwala, kudikira belu la alendo, kudikira kuti kuche. Abiti Juma ankagona kunja, ku chisakasa cha odwazika, pamodzi ndi amayi ena, ndipo kumeneko ndiko ankaphikira.

Tsiku lachiwiri dokotala wopanga maopaleshoni anabwera, anadina phazi langa ndi chala, kenako anatulutsa cholembera m'thumba n'kujambula mzere pamwamba pa phazi, pamene kufiira kunalekezera.

"Kachalaka kafa kale, tidzakachotsa," anatero. "Koma sitingayambe shuga ali chonchi. Mzerewu muziuyang'ana. Kufiira kukaima pamenepa, phazi tilipulumutsa. Kukaoloka, tidula pansi pa bondo."

Pa bedi loyandikana nalo panagona bambo wina wa ku Ntaja, mlimi wa thonje, amene kufiira kwake kunaoloka sabata imene ine ndinali ndisanabwere. Bulangeti lake linkakhala lophwa mbali imodzi. Anali munthu wosadandaula, koma masana ankatambasula dzanja kuti akande mwendo umene kunalibe. Ine ndinkangoyang'ana mzere wanga. Wamalonda wa njinga wopanda phazi ndi munthu wopemphetsa pa siteshoni, ndipo opemphetsa a pa siteshoni ya Balaka ndinkawadziwa onse ndi mayina.

Mungaganize kuti pamenepo nzeru zinabwera. Iyayi. Loweruka mnzanga Che Bwanali, mwini kanyumba ka tiyi pa siteshoni, anabwera kudzandiona atanyamula phukusi la bajiya. Mkazi wake anazikazinga ndi ufa wanga womwe uja umene ndinawasiyira kuti usaonongeke.

"Mankhwala ako ndi awa, achimwene," anatero akundikankhira phukusilo pansi pa pilo. "Kuno akupha ndi njala. Idya unenepe, sitima ikukufunsa."

Ndinamuthokoza ndi mtima wonse. Phukusilo ndinaliika m'kabati ya pambali pa bedi, ndipo ndinkadya pang'onopang'ono masiku atatu, ndikukhulupiriradi kuti ndikuthandiza madokotala.

Namwino wamkulu wa wodiyo anali mayi wamfupi wa ku Mulanje, amene tonse tinkangowatcha a Sisitala. Lachiwiri m'mawa anaima pa bedi langa ndi pepala m'manja, Abiti Juma ali pomwepo akupinda zofunda.

"Bambo Saidi, jakisoni tikubaya, chakudya tikuyeza, koma galasi la mkodzo wanu likufiirabe. Mukudya chiyani chimene ife sitikuchiona?"

"Iyayi, mayi, ine ndikudya zokhazo zimene adokotala analamula."

Anatsegula kabati. Pepala lokulungira linali litanyowa ndi mafuta mpaka kuonekera mbali ina.

"Nanga izi?"

"Tchana, mayi. Adokotala a ku mishoni ananena okha kuti tchana ndi wabwino."

A Sisitala ananyema bajiya imodzi pakati n'kundionetsa. "Tchanayo ali pati? Ndionetseni njere imodzi yokha. Ndionetseni khungu lake."

Ndisanapeze poyambira, Abiti Juma anasiya zofunda zija. "Auzeni zonse, bambo a Asiyatu. Auzeni za makaka. Mukapanda kunena inu ndinena ine." Ndipo sanadikire n'komwe. "Mbale imodzi ya tchana, ziwiri za chinangwa, ndi shuga pamwamba. Zaka zonsezi akhala akudyetsa anthu a m'sitima, lero adzigulitsa okha."

Wodi yonse inaseka, mpaka bambo wa ku Ntaja uja. Ine ndinafuna kulowa pansi pa matiresi. A Sisitala okha sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita.

"Inu ndinu wamalonda, ndiye ndikuuzani mwa malonda," anatero. "Tchana wamphumphu, wophika ndi khungu lake, mimba imatenga nthawi kumuphwanya. Shuga wake amalowa m'magazi pang'onopang'ono, monga mumagulitsira pa kambale tsiku lonse, ndipo munthu amakhala wokhuta nthawi yaitali. Mukamuchotsa khungu n'kumugaya, chigayo chagwira kale ntchito ya mimba, shuga amalowa msanga. Mukathiramo chinangwa ndi shuga, mwakhuthulira thumba lonse pakhomo nthawi imodzi. Mukamiza m'mafuta, mwasenzetsa thupi katundu wina pamwamba pa woyambayo. Adokotala aja sananame. Koma tchana amene ankanena iwo si uyu."

Chizolowezi n'chovuta. Ndinadzimva ndekha ndikufunsa kuti, "Nanga ziwiri zokha patsiku, mayi?"

"Iyayi."

"Imodzi, yaing'ono?"

"Bambo, kanenerereni ndi mzere uli paphazi panuwo."

Ndinayang'ana. Kufiira kunali kutagunda mzere, ndipo mbali ya ku chala chachikulu kunali kutadya pang'ono inki yake. Phukusi lija ndinalipereka ndekha m'manja mwawo.

Tsiku lomwelo Abiti Juma anapita kumsika wa pafupi n'kugula tchana wamphumphu. Ndinamva chisoni kuti akugula kwa ena pamene kwathu kuli matumba, ndipo ndikudziwa kuti sananenerere. Tsiku loyamba anamuphika osaviika, ndiye anatuluka wolimba ngati miyala ya njanji, ndipo zimene mimba yanga inachita masana amenewo anzanga a m'wodi anapempha kuti mawindo atsegulidwe. A Sisitala anawalangiza kuti azimuviika m'madzi kuyambira madzulo mpaka m'mawa, madziwo azitaya, kenako aziwiritsa mpaka njere ifewe koma isaphwanyike ngati phala. Tomato, anyezi, mchere pang'ono, mafuta kasipuni kamodzi. Ndinkadya kambale kamodzi ndi mpiru kapena nkhwani, pambali kamtanda kamodzi ka mgaiwa. Kunena zoona, masiku oyamba ndinkatafuna ndikulira mumtima. Koma ndinaona kuti njala imene inkandigwira cha m'ma teni inasiya kubwera.

Patapita masiku atatu galasi linatuluka lachikasu. Patapita ena anayi linatuluka lobiriwira, ndipo amene ankayeza anabwera nalo m'wodi kudzandionetsa. Sindinasangalalepo ndi mkodzo chomwecho. Kufiira kwa paphazi kunaima pamene kunagunda paja masiku awiri, osapita kutsogolo, osabwerera. Masiku awiri amenewo ndiwo anali aatali kuposa onse. Tsiku lachitatu m'mawa pakati pa mzere ndi kufiira panaoneka kampata ka khungu langa lakuda, kopyapyala ngati udzu. Abiti Juma anakaona koyamba. Anangotuluka panja, ndipo atabwerako maso awo anali ofiira.

Sabata yoyamba ya Meyi anandilowetsa ku opaleshoni n'kuchotsa kachala kaja. Bala lake linachedwa kupola, monga zimakhalira ndi anthu a shuga, ndipo ndinakhala m'wodimo masabata ena asanu akunditsuka tsiku ndi tsiku. Insulini anaichepetsa pang'onopang'ono mpaka anandibwezera pa mapiritsi. Pakati pa Juni anandilola kupita kunyumba. Ndinatsanzikana ndi bambo wa ku Ntaja uja, amene anali akudikirabe ndodo zoyendera, ndipo ndinatsika masitepe a chipatala ndi mapazi anga awiri, ndikutsimphina.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Mapiritsi ndikumwabe m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lolembedwa pa khadi sindijomba, ngakhale ligundane ndi msika. Galasi nthawi zambiri limatuluka labuluu, nthawi zina lobiriwira ndikakhala kuti ndinaba kanthu paukwati. Maso anabwerera, ndipo palibenso mlimi amene wandigulitsa zofumbwa. Sitima ndinasiya kuithamangira. Ndimakhala mumsika ndi mbale zanga, ndipo bajiya Abiti Juma akukazingabe, koma makaka tinasiya kuthiramo. Ine ndimangozinunkhiza.

Ndikufuna ndimveke bwino pa chinthu chimodzi: tchana si mankhwala. Amene anapulumutsa phazi langa ndi jakisoni, mapiritsi ndi manja a anamwino. Chimene tchana wowiritsa anachita n'chakuti anasiya kulimbana ndi mankhwalawo, pamene bajiya zinkawakokera m'mbuyo. Choncho adokotala akakutchulirani chakudya, musathamangire kuchoka. Funsani kuti chiphikidwe bwanji, chamaso kapena chogaya, chowiritsa kapena chokazinga, ndipo mudye chochuluka bwanji. Funsoli ndi laulere, ndipo ine ndinalisiya pa tebulo.

Inu amene ludzu silikukutherani, amene mukuonda mukudya, amene mapazi akuchita dzanzi kapena kabala sikakupola, pitani kuchipatala sabata yomwe ino. Kuyeza kwake sikupweteka, ndipo n'kwachangu kuposa kudikira pa benchi.

Mu nsapato yanga yamanzere ndimaikamo kathonje pamalo pamene panali kachala, kuti isandikhule. Lachisanu ku mzikiti tonse timavula nsapato pakhomo, ndipo potawaza, posamba tisanapemphere, aliyense amaona phazi la mnzake. Chaka choyamba ndinkalibisa ndi mkanjo. Tsopano ndimalisiya poyera, ndipo wofunsa ndimamufotokozera zonse, za makaka zomwe. Mwa amene anafunsa, awiri anapita kukayezetsa ndipo anawapeza ndi shuga. Ndimawaona Lachisanu lililonse akusambitsa mapazi pambali panga, ndipo zala zawo zilipo zonse khumi.